Katoni ya Pansi pa Bedi

Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 2023, pansi pa bedi langa panali katoni yomwe ndinkaiopa ngati muli njoka. Munalibe choopsa chilichonse. Munali sopo 12, machubu 10 a mankhwala otsukira mano, mabotolo 6 a mafuta odzola ndi mapaketi 8 a tiyi. Zonse zinali zanga, zogula ndi ndalama ya ngongole, ndipo zinkadikira kugulitsidwa. Koma m'mawa uliwonse ndikamasesa kuchipinda, tsache likagunda katoniyo, ndinkaikankhira mkati pang'ono kuti ndisaione.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ndipo ndimakhala ku Bangwe. Tsiku ndi tsiku ndimaima pamaso pa ana oposa 80 n'kuyankhula mpaka mawu kusasa. Kutchalitchi ndimaimba kwaya, pamaliro ndimatha kuimirira n'kulengeza chipepeso anthu ali phee. Choncho munthu akandiuza kuti vuto langa linali kuopa anthu, ndimakana. Chimene chinkandikanika chinali chimodzi: kutulutsa sopo m'chikwama, kumuonetsa munthu, n'kutchula mtengo wake.

## Mmene ndinalowera

Amene anandiitana ndi mnzanga wa kukwaya. Loweruka lina masana tinapita ku holo ina cha ku Ginnery Corner, ku msonkhano wa kampani ina yomwe imalembetsa anthu kuti azigulitsa katundu wake komanso kulowetsa anzawo. Ambiri a inu misonkhano imeneyi mukuidziwa: nyimbo, kuwomba m'manja, bambo wovala suti akuonetsa zithunzi za galimoto. Sindikunyoza ayi. Tsiku limenelo ndinatuluka ndili ndi chiyembekezo chomwe ndinali nditachiiwala. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la nyumba ya amayi ku Chiradzulu, ndipo kuchokera pamenepo malipiro anga ankatha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Ndinkafuna njira ina yopezera ndalama, yoti ndizichita ndikaweruka.

Ndinakongola K120,000 ku banki m'khonde yathu, chiwongoladzanja chake K10 pa K100 iliyonse pamwezi. Ndinalembetsa, anandipatsa nambala yanga ndi katoni ija. Ndinakwera nayo minibasi, itakhala pamiyendo, ndikuwerengera mumtima kuti ikatha imeneyi ndikaoda ina yokulirapo.

## Mayina 100

Phunziro loyamba linali lolemba mayina. Aliyense atenge kope, alembe anthu 100 omwe amawadziwa: abale, anzake a kusukulu, a kutchalitchi, a kuntchito, ngakhale womuluka tsitsi. Anati amenewo ndiwo msika wathu woyamba.

Ndinakhala patebulo usiku ana atagona. Ndinafika pa 43 n'kuika cholembera pansi. Sikuti mayina anatha. Ndinasiya chifukwa dzina lililonse linkabwera ndi nkhani yake. Mlamu wanga, amene anandidikirira kuchipatala masiku 9 pobadwa mwana wanga wachiwiri. Ankhoswe athu. Mphunzitsi mnzanga amene amanditengera kalasi ndikadwala. Amayi oyandikana nafe omwe anachezera kuphika pamaliro a bambo anga. Anthu amenewa ndikawaimbira foni amayankha mwansangala, chifukwa amadziwa kuti ndikufuna kumva mmene adzukira. Ndiye lero ndiwaimbire, ndifunse za ana, za mvula, za kumudzi, kenaka pamapeto ndinene kuti, "Paja ndayamba kabizinesi"? Ndinkaona ngati moni yense uja asanduka nyambo.

Ndinayesako pa WhatsApp. Ndinaika chithunzi cha sopo pa status, koma ndisanaike ndinayamba ndabisira ahedi, apongozi, abusa ndi makolo onse a ana a m'kalasi mwanga. Patapita ola limodzi ndinachichotsa.

Mnzanga wa kukwaya uja, yemwe mu bizinesiyi timamutchula kuti upline, kutanthauza munthu amene anakulowetsa, ankandiimbira Lolemba lililonse. Ndi munthu wamtima wabwino ndipo mpaka lero timaimba limodzi. Ankati, "Asisi, vuto lanu ndi mantha basi. Manyazi sadzakugulirani ufa. Ingowauzani anthu zimene tinaphunzira zija." Ndinkavomera zonse. Foni ikadulidwa ndinkakhala chete pabedi, katoni ili pansi panga.

Kenaka mu Novembala ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Shuga, mafuta ophikira, mtengo wa minibasi, zonse zinakwera. Katundu wathu amachokera kunja, ndiye mitengo yake inakweranso. Apa ndinapeza chifukwa chatsopano chokhalira chete: ndani angagule sopo wa K6,500 pamene akusowa ya chigayo? Mwezi ndi mwezi ndinkachotsa K12,000 pa malipiro anga kukapereka chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Ndipo mukudziwa kuti Disembala akafika, gulu lisanagawane ndalama, aliyense amayenera kubweza zonse.

## Azakhali aipeza

Azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo, akhala akugulitsa tomato mumsika wa Limbe kuyambira ine ndisanabadwe. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa benchi yawo. Sukulu zitangotsekera anabwera kudzagona kwathu pochokera kumaliro, ndipo ndinawasiyira chipinda changa. M'mawa akufunafuna patapata wawo, anakoka katoni ija.

Ndinawapeza atakhala pamphasa, zinthu zonse ataziyala pansi bwinobwino, chilichonse pa mulu wake.

"Izi n'za ndani?"

"N'zanga, azakhali."

"Zogwiritsa ntchito pakhomo pano?"

"Ayi, n'zogulitsa."

Anatenga chubu chimodzi, n'kupukuta fumbi ndi chala. "Chibwerereni wagulitsapo zingati?"

Sindinayankhe. Ndinayamba kuwafotokozera za kampani, za mapointi omwe kampaniyo imawerengera munthu, za mmene munthu amakwerera paudindo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Ine za mapointi sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti katundu sagona pansi pa bedi. Loweruka 5 koloko undipeze, unyamule zonsezi."

Ndiyenera kuulula chinthu china pano, chifukwa popanda chimenechi nkhaniyi siimveka. Ndili ku sekondale, ndikamayenda ndi anzanga mu Limbe, ndinkazemba njira ya kumsika kuti azakhali asandiitane. Ndinkadya ndalama ya tomato koma sindinkafuna kuti anzanga aone kumene ikuchokera. Ndipo azakhali omwewo, akamandipatsa fizi, ankakonda kunena kuti, "Uphunzire mwanawe, usadzakhale padzuwa ngati ine." Ankanena mwachikondi. Koma ine ndinamva kuti kugulitsa ndi kumene munthu amagwera sukulu ikamukanika. Ndinakula nazo, ndinapita nazo kukoleji, ndinalowa nazo m'banja. Sindinkadziwa kuti ndikadali nazo kufikira tsiku lomwe ndinapatsidwa katundu woti ndigulitse ndekha.

## Loweruka mu Limbe

Usiku wonse kunagwa mvula. Mumsika munali matope okhaokha, anyamata onyamula katundu akudutsa ndi madengu pamutu, akukuwa kuti tiwapatse njira. Tomato wa azakhali anali atafika kuchokera ku Bvumbwe. Nyengo ya dzinja tomato amavuta, amadula, komanso sachedwa kuwonongeka, ndiye ntchito yoyamba inali yosankha. Anakhala pa kampando kawo, dengu pakati pa miyendo, n'kumatenga mmodzimmodzi. Aliyense ankamutembenuza, kumudina pang'ono ndi chala chachikulu, kumupukuta ndi kansalu. Wolimba kumanja, wofewa kumanzere, wong'ambika m'beseni. Atatha anayamba kupanga milu, atatu pansi mmodzi pamwamba, mbali yofiira kwambiri italoza kunjira.

Kenaka anasuntha milu iwiri, n'kuyala thumba loyera kumapeto kwa benchi. "Ika apa."

Manja anga ankanjenjemera poyala sopo. Maso anali kunjira, kuopa kuti mwina kholo la mwana wa m'kalasi mwanga litulukira. Ndinaima chakumbuyo pang'ono, kuti wodutsa aziona ngati ndangobwera kudzacheza.

Azakhali anali atayamba kale. "Tomato uyu amayi, wa lero! Bwerani mudzaone, kuona n'kwaulere!" Mayi uja anadutsa osacheuka. "Achimwene, wa ndiwo za masana uyu!" Anapukusa mutu. Wina anaima, anagwira milu itatu, anafunsa mtengo, anati wadula, n'kumapita. Wina anati wagula kale kumtunda. Azakhali anamuyankha kuti, "Zikomo amayi, mawa mudzayambire kuno."

Poti ndine mphunzitsi, ndinayamba kuwerenga mumtima. Pasanathe ola, anthu oposa 30 anali atawakana. Ogula anali 7. Nkhope ya azakhali sinasinthe ngakhale kamodzi. Wokana ankamutsanzika ndi mawu omwewo amene ankatsanzikira wogula. Ine kwa miyezi inayi ndinkathawa "ayi" mmodzi yekha, ndipo "ayi" ameneyo ndinali ndisanamumve n'komwe. Kwa azakhali, munthu akakana ndiye kuti lero sakufuna tomato, basi. Sananyozedwe, sanachepe, ubale sunathe.

Anthu atachepako ananditembenukira. "Aphunzitsi, tandigulitsani sopoyu. Ine ndine kasitomala."

Ndinakonza kukhosi n'kuyamba monga anatiphunzitsira. "Azakhali, kodi munayamba mwaganizapo zosintha moyo wanu?"

"Ndakufunsa za sopo."

Ndinayambanso. Ndinanena kuti ndi wochokera kunja, wopangidwa ndi zachilengedwe, wapamwamba kwambiri.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Ndi wosambira. Amasalalitsa khungu."

"Ndalama zingati?"

Ndinatchula chapansipansi, ngati ndikupepesa.

"Kweza mawu, mtengo si mlandu. Nanga amatha masiku angati?"

Apa ndinasowa chonena. Sindinkadziwa. Miyezi yonseyo ndinali ndisanatsegulepo ngakhale mmodzi, chifukwa ndinkati aliyense ndi ndalama. Azakhali anatenga sopo mmodzi, anang'amba pepala lake pomwepo, anamununkhiza, n'kundipatsira m'manja. "Uyu ndi wako. Ukasambire, uwerenge masiku. Ine tomato aliyense ali apayu ndamugwira ndi dzanja langa. Munthu akandifunsa ngati afika Lachiwiri, ndimadziwa choyankha. Iwe ukuopa chifukwa ukugulitsa chinthu chachilendo kwa iwe wemwe."

Sopo wotsegulayo anamuika patsogolo pa enawo kuti anthu azinunkhiza. Malonda ndi m'maso, anatero. Cha m'ma 10 koloko mtsikana wina wogwira ntchito m'sitolo ya pafupi ananunkhiza, anafunsa mtengo, ndinatchula momveka, anagula. Ndinalandira ndalama ndi manja awiri. Kumwamba sikunagwe.

## Mayi wa chitenje chobiriwira

Chimene chinandisintha kwenikweni chinachitika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo.

Kunabwera mayi wina wachikulire, wa chitenje chobiriwira, kasitomala wa azakhali wakalekale. Anapatsana moni, anafunsana za kunyumba. Akusankha tomato, maso ake anagwera pa mapaketi a tiyi. Anasiya tomato, n'kunyamula paketi imodzi ndi manja onse awiri.

"Kodi ameneyu si tiyi uja akuti amathetsa shuga?"

Ndisanayankhe anayamba kufotokoza. Amuna ake anawapeza ndi matenda a shuga zaka zitatu zapitazo, ndipo tsopano kwawonjezekera kuthamanga kwa magazi. Mapiritsi amamwa m'mawa ndi madzulo, ndipo atopa nawo. Mwezi uliwonse ulendo wa kuchipatala, kudzuka usiku kukagwira mzere. Mnzake wina anamuuza kuti kuli tiyi wochokera kunja, ukamwa mapaketi atatu shuga amatheratu, mapiritsi n'kuwasiya. Wakhala akumufunafuna.

Akuyankhula choncho anali akumasula mfundo ya pa chitenje. Munali ndalama zopindapinda, ma K5,000 awiri pamwamba, zina zing'onozing'ono mkati. Anati akhoza kutenga awiri lero, wachitatu adzatenga mwana wake akatumiza ndalama.

Mawu oyankhira ndinali nawo okonzeka. Pamisonkhano ina ndinamvapo anthu akuimirira kuchitira umboni kuti tiyi ameneyu anawachiritsa izi ndi izi, holo yonse ikuwomba m'manja. Panalinso kayankhidwe kozungulira komwe ena ankagwiritsa ntchito: osanena kuti amachiza, kungoti "ambiri athandizika," n'kumusiya munthu amve zimene akufuna kumva. Ndipo kunali kutatsala masiku 6 kuti ndikabweze K120,000 kugulu. Ndalama inali patsogolo panga, m'manja mwa munthu amene ankachita kundipempha kuti ndiilandire.

Azakhali sananene kanthu. Ankakonza mulu wa tomato womwe unali wokonzakonza kale.

Ndinayang'ana paketi ija. Panalibe pamene panalembedwa kuti amachiza matenda alionse. Ndinaganiza za bambo amene sindinawaonepo, atakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi wanga, mapiritsi atawaponya pawindo. Bambo anga omwe anamwalira ndi sitiroko. Ndikudziwa mmene kuthamanga kwa magazi kumagwetsera munthu amene dzulo lake ankalima.

"Amayi," ndinatero, "ameneyu ndi tiyi chabe. Si mankhwala. Shuga sathetsa, kuthamanga kwa magazinso sathetsa. Abambowo asasiye mapiritsi ngakhale tsiku limodzi. Ngati akuwavuta m'thupi, mukawauze adokotala, mwina akhoza kuwasinthira ena. Ndalamayi mangani, idzakuthandizani pa ulendo wa kuchipatala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakondwe. Munthu amene wayenda ndi chiyembekezo mpaka kuchigwira m'manja sasangalala ukamulanda. Anafunsanso kachiwiri ngati ndikunenetsa. Ndinati ndikunenetsa. Anabweza paketi ija pamalo pake pang'onopang'ono, anamanganso mfundo yake, anagula milu iwiri ya tomato. Azakhali anamuikira atatu a banyira m'malo mwa mmodzi. Anapita.

Chodabwitsa n'chakuti mawu amene ndinamuuza mayi uja anatuluka osanjenjemera. Aka kanali koyamba chilowereni mu bizinesiyi kuyankhula za katundu wanga mtima uli m'malo. Ndinali nditangotaya malonda aakulu kuposa onse a tsikulo, koma m'chifuwa munapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Azakhali sanandiyamikire. Si khalidwe lawo. Tikudya chimanga chootcha masana, analoza beseni la tomato wong'ambika uja. "Ukumuona uyo? Ndimagulitsanso. Amagula ndi amayi ophika m'malesitilanti, pamtengo wake wotsika. Koma sindimubisa pansi pa mulu wabwino. Ndikatero ndidya lero, mawa mayi uja adzadutsa apa ngati sakundidziwa. Benchi ino yakhala zaka zonsezi chifukwa cha anthu obwereranso."

## Zinthu ziwiri zomwe ndinkazitcha dzina limodzi

M'minibasi pobwerera ndinazindikira kuti chimene aliyense ankachitcha mantha chinali zinthu ziwiri zosiyana, zopotana ngati chingwe.

China chinali kunyada. Mtsikana uja wozemba njira ya kumsika anali akadali mwa ine, akundinong'oneza kuti mphunzitsi sagulitsa sopo. Chimenecho chinayenera kufa, ndipo chinayamba kufa m'mawa umenewo, nditaima m'matope pambali pa mayi amene tomato wake anandifikitsa pomwe ndili.

Koma chinacho chinali chikumbumtima, ndipo sichinkalakwa. Sindinkafuna kunena za katundu zinthu zomwe sindikuzidziwa. Sindinkafuna kuimbira mlamu wanga ngati ndamusowa pamene ndikufuna ndalama yake. Sindinkafuna kulonjeza munthu galimoto yomwe ine ndilibe. Pamisonkhano zonsezi ankaziika m'thumba limodzi n'kulemba kuti "mantha," n'kumatiuza kuti tizigonjetse. Ndikanagonjetsa zonse ziwiri, mayi wa chitenje chobiriwira akanapita ndi mapaketi awiri. Ndikukhulupirira kuti anthu ambiri amene katundu wawo ali pansi pa bedi lero si amantha ayi. Mtima wawo ukukana kanthu kena koyenera kukanidwa, koma palibe amene anawathandiza kusiyanitsa.

## Mmene ndimagulitsira tsopano

Ngongole ija sindinaimalize ndi malonda. Ndinagulitsa zomwe ndinatha m'masiku otsalawo, yotsalayo anandithandiza ndi bambo a kunyumba, titakhala pansi n'kukambirana zomwe ndinkawabisira. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti Loweruka limodzi linandilemeretsa.

Sopo uja ndinasambira, ndinawerenga masiku, anatha 26. Mankhwala otsukira mano tinayesa banja lonse. Mafuta odzola anandiyanja ine koma mwana wanga wamkazi anamutulutsa tiziphuphu, ndipo zimenezi ndimamuuza aliyense wofuna kugula, kuti ayambe wayesa pang'ono pamkono. Tiyi ndinasiya kuoda. Si woipa, koma anthu ambiri omufuna amamufuna ngati mankhwala, ndipo ndinatopa kuona nkhope zogwa. Zoti chinthu ndi mankhwala kapena ayi si ine wonena, kuli bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lomwe ntchito yake ndi imeneyo. Ine ndimagulitsa zosambira ndi zodzola.

Kope la mayina 43 lija ndinang'ambamo tsamba limenelo. Anthu omwewo ena ndinawagulitsa ndithu, koma mwa njira ina. Ndikafuna kunena za malonda ndimayamba ndi malondawo: "Alamu, lero ndakuimbirani za bizinesi, muli ndi mphindi ziwiri?" Moni wa ubale ndimaimba tsiku lina, ndipo tsiku limenelo sopo sindimutchula. Mlamu wanga anandimvetsera, anati sopo wa mtengo umenewo sangakwanitse, ana ali pasukulu. Ndinati zikomo, tinapitiriza kukamba za chimanga cha kumudzi. Sindinamufunsenso. Pa Khirisimasi tinaphikira limodzi ngati kale. Chimene ndinkaopa kuti chiphwanya ubale sichinali kugulitsa, chinali kubisa cholinga ndi kukakamira.

Mtengo ndimautchula msanga, momveka, osapepesa. Amene wati wadula sindilimbana naye, chifukwa nthawi zambiri akunena zoona, sopo wa m'golosale ndi wotsika mtengo kwambiri ndipo amayeretsa bwinobwino. Makasitomala anga enieni ndi ochepa: amayi angapo ogwira ntchito m'tauni, anamwino awiri, aphunzitsi anzanga atatu, ndi ena omwe anamva kwa anzawo. Amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba mwezi ukatha. Ngongole ndimapereka kwa amene anabwezapo kale, ndipo ndimalemba iye akuona. Kusukulu sinditulutsa katundu nthawi ya ntchito, ndipo makolo a ana a m'kalasi mwanga sindiwatsatsa malonda, chifukwa kholo likhoza kugula poopa kuti mwana wake adzavutika. Amene wandifunsa yekha ndimamugulitsa.

## Kope la masamu

Chinthu china chomwe azakhali anandiphunzitsa ndi kuwerenga ndalama madzulo alionse. Iwo sadziwa kulemba bwino, koma akhoza kukuuza kuti dengu analipikula zingati, wonyamula anamupatsa zingati, chiphaso cha msika zingati, watsala ndi zingati. Ine ndinagula kope. Ndimalemba zooda, minibasi yokatenga katundu, bandulo ya foni, sopo wotsegula woti anthu anunkhize, ngakhale ndalama yolowera kumisonkhano. Zonse zikachoka, mwezi wabwino ndimatsala ndi yogulira magetsi ndi ndiwo za mlungu umodzi. Mwezi woipa ndimangobweza mpamba. Galimoto ija sindinaione, ndipo mwa anthu omwe tinalowa tsiku limodzi, ambiri anasiya.

Kope limeneli ndi lomwe linandisiyanitsa maganizo ndi upline wanga. Iye amati ndalama yeniyeni ili pa kulowetsa anthu, osati pa sopo mmodzimmodzi. Mwina pa kawerengedwe ka mapointi akunena zoona. Koma pamenepo ndi pomwe ine ndimachenjera. Ngati ndalama ikuchokera kwa anthu ogula katundu n'kukamugwiritsa ntchito, amenewo ndi malonda. Ngati ikuchokera kwa olowa kumene, omwe katundu wawo akukathera pansi pa bedi ngati wanga uja, ndiye kuti wapamwamba akudya ngongole ya wapansi. Malamulo a dziko lino amaletsa malonda otere, otchedwa a piramidi, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi lomwe limalandira madandaulo a ogula. Ngakhale ku America, komwe bizinesi za mtunduwu zinakulira, nkhani yake ndi yomweyi. Mu 2016 kampani ya Herbalife, yomwe si imene ndimaodako ine, inagwirizana ndi bungwe la boma la Federal Trade Commission kulipira madola 200 miliyoni, komanso kusintha kalipiridwe kake kuti anthu azipindula ndi katundu amene wagulidwadi ndi omugwiritsa ntchito. Funso lomwe akuluakulu a malamulo anafunsa kumeneko ndi lomwe azakhali anandifunsa atakhala pamphasa: wagulitsapo zingati?

Anthu awiri anandipemphapo okha kuti ndiwalowetse. Onse ndinayamba ndawaonetsa kope langa, tsamba ndi tsamba, miyezi yoipa yomwe. Ndinawauzanso kuti asakongole ndalama yolowera. Mmodzi ataona anati bola akaode kaunjika, ndipo ndinamuuza kuti waganiza bwino. Winayo analowa. Tsiku lomwe analandira katoni yake ndinamutsegulitsa sopo mmodzi pomwepo.

## Malichi

Masiku a tchuthi ndi Loweruka lina ndimapitabe ku Limbe. Kumapeto kwa benchi kuja azakhali amandisungira. Makolo a ana a m'kalasi mwanga andionapo kangapo, ndipo ndimawapatsa moni ndisanawonedwe n'komwe. Mwana wina wa Sitandade 5 anakuwa kuti, "Amadamu!" n'kukoka amayi ake kuti adzandione. Ndinamuuza kuti awa ndi azakhali anga, ndi amene anandilipirira sukulu.

Mu Malichi 2024 mayi wa chitenje chobiriwira anabweranso ine ndilipo. Azakhali anati ankabwera masiku ena onsewa, ndipo nthawi zina ankafunsa kuti mwana wanu wa sopo uja ali kuti. Ndinafunsa za abambo. Anati akumwabe mapiritsi, adokotala anawasinthira amodzi omwe ankawachititsa chizungulire, ndipo mlungu wathawo anapita okha kumunda kukaona chimanga.

Kenaka ananyamula chubu cha mankhwala otsukira mano, anachitembenuza, n'kufunsa kuti chimatha masiku angati. Ndinamuuza kuti kwathu, anthu asanu, chimatikwanira milungu itatu. Anafunsa mtengo, ndinatchula. Anati ndadulitsa. Tinanenerera kwa kanthawi, azakhali akumvetsera uku akupanga milu, mpaka ndinamuchotsera K300. Anamasula mfundo ya pa chitenje, anawerenga ndalama kawiri, n'kundipatsira m'manja.